Mbiri ya Nyimbo ya Boogie Woogie ndi Mwini Wake Woiwalika

Mwezi uno tifuna kusimbira owerenga athu mbiri ya nyimbo ina ya ku America, imene inamveka m'maiko ambiri pa zaka za Nkhondo Yachiwiri ya dziko lonse, ndipo anthu osawerengeka anaivina, Azungu ndi akuda omwe. Ambiri a iwo akadafunsidwa kuti nyimboyo nja yani, akadayankha msanga kuti nja Tommy Dorsey, Mzungu womveka amene anali ndi gulu lalikulu la oomba malipenga. Koma amene anaipeka ndi munthu wina, mnyamata wakuda dzina lake Clarence Smith, amene anafa zaka 9 Dorsey asanaiimbe. Nkhani yake njoyenera kuimva, pakuti itionetsa umo ntchito ya munthu wosauka ingathe kukwerera kufikira m'nyumba za akulu, mwini wake natsala pansi osakumbukika.

Tiyambe ndi kumene kunachokera maimbidwewo. Ukapolo unatha m'dziko la United States m'chaka cha 1865, koma anthu akuda omasulidwawo analibe minda kapena chuma, ndipo ambiri anakalowa ntchito zolemetsa: ena kuyala njanji, ena kugwetsa mitengo ndi kucheka matabwa m'nkhalango zazikulu za paini za kum'mawa kwa Texas ndi madera oyandikana nawo. Misasa yawo inali kutali ndi midzi, ndipo pa msasa panali nyumba yochezeramo usiku, momwe munali limba lalikulu lija lotchedwa piyano, kawirikawiri lokalamba ndi losakonzeka. Gulu la oimba panalibe. Munthu mmodzi yekha anayenera kuvinitsa nyumba yonse, ndi kumveka pamwamba pa phokoso la anthu ochuluka. Potero oimbawo anapeza njira yawoyawo. Dzanja lamanzere linagwira ntchito ya ng'oma: linagunda mawu akuluakulu a pansi mobwerezabwereza, kasanu ndi katatu pa chigawo chilichonse cha nyimbo, osapuma konse, ndipo ambiri anamvamo kulira kwa sitima ya pamtunda pothamanga pa njanji. Dzanja lamanja linali laufulu, nilisewera pamwamba monga anafunira mwini wake. Ndime iliyonse inali ya zigawo 12, monga mwa nyimbo zawo zodandaula zotchedwa blues, koma izi zinali zofulumira, zoyenera kuvina.

Clarence Smith anabadwa m'chaka cha 1904 m'dera la Troy, ku Alabama, nakulira mumzinda wa Birmingham wa m'chigawo chomwecho. Dzina lakuti Pinetop, ndiko kunena nsonga ya mtengo wa paini, anampatsa akali mwana chifukwa cha kukonda kukwera m'mitengo. M'chaka cha 1920 anasamukira ku Pittsburgh, nayamba kuyendayenda ndi magulu a zisudzo a anthu akuda, akuimba piyano, kuimba pakamwa ndi kuseketsa anthu. Ndipo nthawi zina anaimbira piyano mayi womveka uja wa nyimbo za blues, Ma Rainey. Woimba mnzake, Cow Cow Davenport, ataona luso lake, anamtchula kwa J. Mayo Williams, munthu wakuda amene anali kufunira oimba kampani ya mbale za galamafoni ya Vocalion. Chotero m'chaka cha 1928 Smith anatenga mkazi wake ndi mwana wake napita ku Chicago.

Masiku amenewo anthu akuda zikwi zambiri anali kuchoka kumwera kunka ku mizinda ya kumpoto, pothawa malamulo a tsankho ndi pofuna ntchito ya m'mafakitale. Ku Chicago anawapanikiza m'chigawo cha kumwera kwa mzinda, momwe nyumba zinali zochepa ndi lendi yokwera. Tsono banja likasowa ndalama ya lendi, linali kuchita phwando m'nyumba mwake: linaphika zakudya, niliitana woimba piyano, ndipo aliyense wolowa anapereka kandalama pakhomo. Maphwando otere ndiwo anali sukulu ya maimbidwe aja mumzindawo. Kwa kanthawi Smith anakhala m'nyumba imodzi ndi anyamata ena awiri oimba piyano, Albert Ammons ndi Meade Lux Lewis, amene anali kudzipezera chakudya poyendetsa galimoto zonyamula anthu. Owerenga asunge maina awiriwa, pakuti tidzakomana nawonso.

Pa 29 Disembala 1928 Smith anajambulitsa mbale yake yotchedwa "Pinetop's Boogie Woogie". Womvera mbaleyo lero amva phwando la lendi monga momwe linalili. Mulibe lipenga kapena ng'oma, koma piyano yokha ndi mawu a mwini wake. Ndipo iye saimba kwenikweni, koma alankhula ndi ovina ngati mtsogoleri wa gule, nawauza nthawi yoima chilili osagwedezeka, ndi nthawi yoyambanso kuvina, naitana mtsikana wina kuti adze kufupi ndi piyano. Maimbidwewo sanayambe ndi iye, monga taona kale, ndipo Lewis anali atajambulitsa nyimbo yake ya sitima, "Honky Tonk Train Blues", m'chaka cha 1927. Koma mbale ya Smith inagulidwa kwambiri, ndipo ndiyo inabukitsa dzina lakuti boogie woogie, limene maimbidwe onsewo atchedwa nalo kufikira lero lino.

Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Isanakwane miyezi itatu, Smith ali m'nyumba ya dansi ku Chicago, panabuka ndewu, wina naomba mfuti, ndipo chipolopolo chinamlasa iye. Anamwalira pa 15 Marichi 1929, ali ndi zaka 24 zokha. Nyimbo zimene anajambulitsa nzowerengeka, ndipo chithunzi cha nkhope yake sichinapezeke ngakhale chimodzi. M'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho chuma cha America chinagwa, mafakitale ambiri natsekedwa m'zaka zotsatira, ndipo anthu osowa chakudya analeka kugula mbale. Zinaoneka ngati nyimboyo yalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake.

Koma panali ena amene sanaiiwale. M'chaka cha 1935 mayi wina woimba piyano, Cleo Brown, anaijambulitsanso. Ndipo m'chaka chotsatira Albert Ammons, mnzake uja wa m'nyumba imodzi, anaiimba ndi kagulu kake naitcha "Boogie Woogie Stomp". Panalinso Mzungu wina wa banja lolemera la ku New York, John Hammond, wokonda nyimbo za anthu akuda ndi wodana ndi tsankho. Iyeyu atamva mbale yakale ya Lewis anayamba kumfunafuna, nampeza m'chaka cha 1935 ku Chicago akutsuka galimoto za anthu, nambwezera ku piyano.

Zaka zimenezo ndizo za maimbidwe otchedwa swing, pamene magulu akuluakulu a amuna khumi ndi mphambu zingapo, oomba malipenga ndi zitoliro, anadzaza nyumba za dansi namveka pa wayilesi m'dziko lonselo. Limodzi la magulu omveka koposa linali la Tommy Dorsey, mwana wa ku dera la migodi ya malasha ku Pennsylvania, katswiri wa lipenga lalitali lokoka lotchedwa trombone. Mmodzi wa anthu ake, Deane Kincaide, anatenga nyimbo ya Smith naikonzera gulu lonse. Zimene munthu mmodzi anachita ndi zala khumi, iye anazigawira piyano, malipenga ndi zitoliro, kuti zizilandizana. Mawu aja olankhula ndi ovina anawasiya. Ndipo dzina la nyimbo linafupika, nilikhala "Boogie Woogie" basi. Anaijambulitsa m'mwezi wa Sepitembala 1938 ku kampani ya Victor.

Mbaleyo inakhala imodzi ya mbale za Dorsey zogulidwa koposa, ndipo sinathe ndi chaka chimodzi ayi. Kuyambira 1942 kufikira 1944 bungwe la oimba a ku America linaletsa anthu ake kujambulitsa mbale zatsopano, chifukwa cha mkangano wa malipiro pakati pa iwo ndi makampani. Tsono makampaniwo, posowa zatsopano, anatulutsanso zakale, ndipo ya Dorsey inagulidwanso ngati kuti yangotuluka kumene.

Tibwerere ku chaka cha 1938, pakuti m'chaka chomwecho munachitika chinthu china. Pa 23 Disembala Hammond anakonza msonkhano waukulu wa nyimbo za anthu akuda m'nyumba ya Carnegie Hall ku New York, momwe mwa masiku onse munali kumveka nyimbo zolemekezeka za ku Ulaya. Anautcha "From Spirituals to Swing", pakuti unayambira pa nyimbo zauzimu zochokera ku masiku a ukapolo kufikira za dansi za nthawi imeneyo. Kumeneko Ammons ndi Lewis, pamodzi ndi Pete Johnson wa ku Kansas City, anakhala pa piyano pamaso pa khamu, ndipo maimbidwe a m'misasa ya ocheka matabwa anaomberedwa m'manja. Atapita masabata awiri, munthu wina wochokera ku Germany, Alfred Lion, amene analipo usiku umenewo, anajambula Ammons ndi Lewis, ndipo ndicho chiyambi cha kampani ya Blue Note. Kuchokera pamenepo boogie woogie inafala ngati moto wa m'tchire m'chilimwe. Don Raye ndi Hughie Prince anapeka ina yonena za woomba lipenga wotengedwa ku usilikali, "Boogie Woogie Bugle Boy", imene akazi atatu apachibale, Andrews Sisters, anaiimba m'kanema wa Buck Privates m'chaka cha 1941. Asilikali anaikonda kwambiri, chinkana m'magulu ankhondo a America akuda ndi Azungu anali olekanitsidwa kufikira lamulo la 1948 litayamba kuthetsa mchitidwewo.

Kodi tsono tinene kuti Dorsey anaba? Iyayi, sititero. Oimba atengerana nyimbo masiku onse, ndipo Smith yemwe anatola zambiri kwa amisiri a m'misasa ndi a m'maphwando, amene maina awo ambiri sanalembedwe pena paliponse. Ntchito ya Kincaide inali yaluso, ndipo inafikitsa nyimboyo kwa anthu amene sakadaimva konse. Cholakwa chinali m'makhalidwe a dziko. Mahotela akulu, ndi nthawi zabwino za pa wayilesi zolipiridwa ndi makampani, zinali zotsegukira magulu a Azungu. Magulu a akuda, ngakhale a akatswiri monga Duke Ellington ndi Count Basie, analowamo movutika, ndipo m'madera ambiri woimba wakuda sanaloledwe kugona m'hotela imene anaimbamo. Chifukwa chake nyimbo yomweyo ikaimbidwa ndi wakuda inagulidwa makamaka ndi akuda anzake, koma ikaimbidwa ndi Mzungu inamveka dziko lonse. Khomo limene nyimbo inalowera, mwini wake sakadalowerapo chomwecho, ngakhale akadakhala ndi moyo.

Ndipo ngakhale dzina lake lomwe linapita kwa wina. Woimba piyano wa ku Mississippi, Joe Willie Perkins, anakonda nyimboyi naiimba kawirikawiri, naijambulitsa ku Memphis m'chaka cha 1953, ndipo anthu anamtcha Pinetop Perkins. Iyeyu anakhala ndi moyo zaka 97, namwalira m'chaka cha 2011. Ndipo ambiri omuona akuimba mu ukalamba wake anayesa kuti ndiye mwini nyimbo. Maimbidwewo nawo sanafe ndi magulu a swing. M'zaka za m'ma 1950 Fats Domino, Little Richard ndi Jerry Lee Lewis anamveka ndi nyimbo zotchedwa rock and roll, ndipo wotchera khutu bwino adzamvamo dzanja lamanzere lija la m'misasa likugundabe pansi monga kale.

Sitinalembe izi kuti tiyamikire nyumba za dansi, pakuti nyumba yotere ndiyo inadya moyo wa mnyamatayu asanaone phindu la ntchito yake. Talemba kuti wogwira ntchito atchulidwe pa ntchito yake. Dzina la Smith lapulumuka chifukwa linalembedwa pa mbale imodzi. Aphunzitsi ake a m'nkhalango za Texas analibe owalemba, ndipo anapita ndi maina awo. Nafenso tili nazo nyimbo zambiri, za m'tchalitchi, za kusukulu ndi za kumudzi, zimene tiimba osafunsa anazipeka ndani, ndipo opeka ena akali ndi moyo, kapena ana awo alipo. Tipempha aphunzitsi ndi atsogoleri a makwaya kuti afunse akuluakulu akali nafe, nalembe dzina la wopeka, mudzi wake ndi chaka, pamwamba pa nyimbo iliyonse imene aphunzitsa ana.