Tikiti ndi Kapitawo: Mbiri ya Kuwerenga Masiku a Ntchito

Makolo a kwa Chigaru ankadziwa nthawi poyang'ana dzuwa, mwezi ndi mvula. Pa dima panalibe wolemba mayina, pakuti wosabwera ankadziwika ndi mudzi wonse. Kuwerenga masiku a munthu papepala kudafika ndi minda ya Azungu ndi msonkho wa nyumba.

Kuyambira cha m'ma 1901 kufikira 1921, munthu wogwirira Mzungu ntchito mwezi umodzi ankachepetseredwa msonkho, ndipo umboni wake unali chiphaso cha bwanayo. Motero pepala lidasanduka chuma.

Dongosolo lake linali lotere. Wolembedwa ntchito ankalandira tikiti, kachikalata ka dzina lake. M'mamawa kapitawo ankaitana mayina nagawa ndime; madzulo ankachonga tsikulo ngati ndimeyo yatha. Malipiro ankaperekedwa tikiti itadzaza. M'malo ambiri inali ya masiku 30 ogwiradi ntchito, kotero kuti, pochotsapo Lamulungu, mwezi wa tikiti unkatenga milungu isanu. Wodwala kapena wopita kumaliro, mwezi wake unkatalikirabe.

Apa mpamene panali chilonda. Wogwira khasu sanali wogwira pensulo, ndipo ambiri sankadziwa kuwerenga. Ndime ikapanda kutha, thukuta la tsiku lonse linkapita pachabe. Madandaulo a thangata ndi malipiro kuminda ya A. L. Bruce ku Magomero adali mwa zinthu zoutsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Thangata idatha mwalamulo mu 1962.

Amuna a ku Lirangwe ndi midzi yozungulira amene adakwera ndege za Wenela pa Chileka adakaipezanso tikiti ku Joni. Kumigodiko pangano linkawerengedwa ndi mashifiti, ndipo wosakwanitsa muyeso wa tsikulo sankawerengeredwa tsiku.  Ulendo wa Wenela udaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown.

Lero maofesi ali ndi buku losainamo, ndipo makampani ena ali ndi makina ozindikira chala, olemba okha ola lofika ndi lotuluka. Chida chasintha, koma funso ndi lakale lomwe: kodi wolembedwayo angathe kuona ndi kutsutsa zolembedwazo?

Mphunzitsi nayenso amaitana mayina m'mawa uliwonse. Kaundula wa kalasi ndiye buku loyamba lowerenga masiku a mwana. Akalisunga moona, naphunzitsa anawo kuwerengera okha, adzawapatsa chimene agogo awo ambiri adachisowa pamaso pa kapitawo.