Galimoto Likalira Nkuzimanso: Mbiri ya Njira Ziwiri za Moto



Lero sindikamba za mizere kapena za manyowa ai. Ndifuna tikambirane za nthenda ina ya galimoto imene yadyetsa anthu ndalama zambiri pachabe. Mwapotoza kiyi, injini yalira bwino lomwe, koma mutangosiya kiyiyo, injini nkuti zii. Mwayesanso, chimodzimodzi. Pamenepo fodya ali kale pa lole ndipo msika ndi mawa, kapena mai wodwala ali kumbuyo kudikira ulendo wa kuchipatala. Ambiri amafulumira kunena kuti m'petulo muli madzi, namasula kabuleta yense. Koma kawiri-kawiri mlandu uli m'mawaya, ndipo kuti muudziwe muyenera kumva kumene unachokera.

Injini ya petulo siiyenda popanda kamoto kothetheka pa mapulagi. Kale kamotoka kankachokera ku chipangizo chotchedwa magineto, chimene chimadzipangira magetsi chikamazungulira. M'chaka cha 1902, ku Stuttgart m'dziko la Germany, mmisiri wina dzina lake Gottlob Honold, wogwira nchito kwa Robert Bosch, anakonza magineto yamphamvu yoyatsa mapulagi. Inali yabwino ndithu, yosafuna batire. Vuto lake linali lakuti ikamazungulira pang'ono-pang'ono moto wake unali wofooka, ndipo nthawi imeneyo munthu ankaliza galimoto popukusa handulo kutsogolo. Injini ikabweza, handuloyo inkathyola anthu mikono.

Ku America, mumzinda wa Dayton, kunali Charles Kettering, amene pamodzi ndi mnzake Edward Deeds anayambitsa kampani ya Delco mu 1909. Iyeyu anakonza njira yotengera moto ku batire, kudutsa m'koyilo, m'mapointi ndi m'kondensa, kufikira ku mapulagi. Mu 1912 galimoto la Cadillac linatuluka ndi sitata ya magetsi, handulo niyamba kupuma. Ford anaika sitata pa galimoto lake lotchuka la Model T mu 1919.

Tsono mverani bwino apa, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Sitata ndi yadyera. Pamene iri kupukusa injini imamwa mphamvu ya batire yochuluka koposa, kotero kuti batire la volts 12 limatsika kufika pa 10 kapena 9. Ndiye kuti koyilo imalandira moto wochepa pa nthawi yomweyo imene injini yozizira iri kufuna moto waukulu. Kuli ngati munda wothirira umene alimi awiri atunga pa ngalande imodzi: wakumtunda akatsegula kwambiri, wakumunsi amangoona matope.

Amisiri anapeza nzeru iyi, imene inafala m'zaka za m'ma 1950 pamene magalimoto a ku America anasiya mabatire a volts 6 nayamba a volts 12. Anapanga koyilo yokhuta ndi moto wochepa, ndipo anaikonzera njira ziwiri. Njira yoyamba ndi yachidule, yogwira nchito pokhapokha pamene sitata iri kupukusa. Imapatsa koyilo moto wonse umene watsala m'batire. Njira yachiwiri ndiyo ya ulendo wonse, ndipo imadutsa m'kachipangizo kochepetsa moto kotchedwa ballast resistor, kuti koyilo ndi mapointi zisapse. Mukasiya kiyi, njira yoyamba imatsekeka, yachiwiri nkulandira nchito.

Nanga yachiwiriyo ikaduka? Injini imalira ndi moto wa njira yoyamba, ndipo dzanja lanu likangochoka pa kiyi moto watha. Nthenda ija ndi imeneyi. Magalimoto a Chrysler a m'zaka za m'ma 1970 anatchuka nayo kwambiri, kotero kuti eni ake ambiri ankayenda ndi kachipangizo kena kapadera m'galimoto, monga momwe ife timayendera ndi mpira womatira chubu pa njinga.

Ine ndinaziona ndi maso anga m'mudzi wina m'dera langa. Lole yakale ya gulu la alimi inakhala pansi pa mtengo wa mango masiku anai, matumba a mtedza ali pomwepo. Makaniko woyamba anasintha mapulagi, natsuka kabuleta, nalandira ndalama zake, koma lole osayenda. Wachiwiri, mkulu wa imvi, sanamasule kanthu. Anangoti, "Talizani ndimve." Atamva pamene yazimira anatenga waya, naulumikiza kuchokera ku batire kufika ku koyilo, injini niyendabe. Cholakwa chinali kachipangizo koyera ngati mbale yadothi, kotalika ngati chala, komangidwa pafupi ndi koyilo. Kanali katang'aluka.

Pamenepa ndichenjeze. Waya wotere ndi woyesera chabe. Injini siidzazima ndi kiyi kufikira mutauchotsa, ndipo mukauleka pomwepo koyilo idzatentha, mapointi nadzapsa. Dziwaninso kuti m'magalimoto ena kachipangizoka sikaoneka, chifukwa kanabisidwa m'kati mwa waya weni-weniwo. Ndiponso nthawi zina cholakwa ndi switchi ya kiyi yomwe, imene yatha mbali ya njira yachiwiri ija.

Mwina wina ati, "Mlangizi, zimenezo ndi za malole akale, langa ndi latsopano." Zoona, mapointi anayamba kutha m'zaka za m'ma 1970, ndipo magalimoto a masiku ano amalamulidwa ndi kompyuta. Koma nthenda ija siinafe, inangosintha malaya. Mukatsegula kiyi pa galimoto la makono, pampu ya petulo imalira kanthawi kochepa kuti idzaze mapaipi. Mukatchera khutu kumbuyo mudzaimva iri kung'ung'udza. Pambuyo pake imadikira kompyuta iilamule kuti ipitirize. Ngati lamulolo silifika, chifukwa cha relay yofooka kapena waya wadzimbiri, injini imalira ndi petulo woyamba uja nizima atatha. Palinso chitetezo cha akuba. Kuyambira mu 1998 maiko a Germany ndi Britain analamula kuti galimoto latsopano likhale ndi chipangizo chozindikira kiyi wake. M'mutu mwa kiyi muli kanthu kakang'ono kolankhulana ndi kompyuta. Mukasulitsa kiyi wina pamsika, chitseko adzatsegula, koma magalimoto ena amalira kamphindi nazima, kanyali kakuphethira kutsogolo kwa dalaivala.

Chifukwa chake musanaitane makaniko, khalani mboni yabwino, monga mumafunira mboni pa bwalo inu mafumu. Onani nthawi yeni-yeni imene injini yazimira. Ikazima pomwepo posiya kiyi, funani ballast resistor kapena switchi. Ikayenda pang'ono, kuwerenga kufika pa ziwiri kapena zitatu, ganizani za pampu kapena za kiyi. Ikayenda mpaka kutentha, nizima, nidzaliranso itazizira, kawiri-kawiri ndi koyilo kapena kondensa pa galimoto lakale; pa latsopano ndi kachipangizo kouza kompyuta za kuzungulira kwa injini. Ndipo musanachite zonsezi gwedezani mitu ya batire ndi waya wopita ku chitsulo cha galimoto. Misewu yathu ya kumidzi imamasula zomangira, ndipo zoyera zija zomera pa mitu ya batire zimachoka ndi madzi otentha ndi soda pang'ono.