Zitsime ziwiri za ku Luangwa

Ife amene tinakulira ku Chadiza timakumbukira tsiku limene galimoto yokumba mjigo inafika m'mudzi. Tinkaima patali kudikira kuti madzi atumphuke, ndipo akatiwaza tinkaseka. Koma chitsime cha mafuta chikatumphuka chonchi, pamagwa maliro.

Pansi kwambiri, mafuta ndi gasi zimakhala zopanikizika m'miyala. Okumba amathira matope olemera m'dzenje kuti azitsendereze. Matope akapepuka, gasi imakwera mwaukali. Akalemera mopitirira, mwala umang'ambika, matopewo n'kuthawira m'ming'alu. Choncho ntchito yonse yagona pa kudziwiratu mphamvu ya pansipo chitsulo chobowolera chisanafike.

Kale okumba ankangoyerekeza. Mu 1901 chitsime cha Spindletop ku Texas chinalavula mafuta masiku 9 osaleka. Mu 1965 chitsime cha gasi ku Pande, m'dziko la Mozambique, chinaphulika n'kuyaka kupitirira chaka. Mu 1975 katswiri wina, Ben Eaton, anatulutsa masamu owerengera mphamvuyi, amene akugwirabe ntchito. Ngakhale zinali choncho, mu 2010 anthu 11 anafa pa Deepwater Horizon kunyanja ya Gulf of Mexico.

Lero akatswiri amadyetsa kompyuta zolemba za zitsime zakale: kuya kwake, mtundu wa mwala, liwiro la chitsulo ndi kulemera kwa matope. Kompyutayo imaphunzirapo, n'kumachenjeza ngozi isanafike.

Nanga kwathu? Miyala ya ku Chadiza ndi yakale ndiponso youma gwa, sisunga mafuta. Yosanjikizana, imene ofufuza amaifuna, ili m'chigwa cha Luangwa. Kumeneko kampani ya Placid Oil inakumba zitsime ziwiri m'zaka za m'ma 1980, ndipo inachoka osapeza mafuta ogulitsa. Kompyuta imaphunzira pa zitsime zambiri, ife tili ndi ziwiri. Wobwera kudzakumba m'chigwamo adzabwereka manambala a miyala ya kwina, pafupi ndi mtsinje umene anthu ndi nyama amamwa.

Lamulo la mafuta la 2008 limalola boma kupereka ziphaso zatsopano zofufuzira. Tsiku limene magalimoto adzatsetserekere ku Luangwa, tisadzaimenso patali ngati ana a pa mjigo. Ena mwa ife tikuphunzira za migodi ku UNZA, ena za makompyuta ku CBU. Tiyambe ndi kufunsa kuti zolemba za zitsime ziwirizo zikunena chiyani.