Mana Pools: nkhalango ya nsangu m'chigwa cha Zambezi

Mana Pools ndi malo osungirako nyama zakutchire amene ali kumpoto kwenikweni kwa dziko la Zimbabwe, m'boma la Hurungwe, m'chigawo cha Mashonaland West. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 2,200. Malire ake a kumpoto ndi mtsinje wa Zambezi, ndipo kutsidya kwa mtsinjewo kuli nkhalango ya Lower Zambezi ya m'dziko la Zambia. Malowa anayamba kutetezedwa m'chaka cha 1963, nasanduka paki ya boma mu 1975. Mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, pamodzi ndi madera oyandikana nawo a Sapi ndi Chewore.

Mawu akuti "mana" m'Chishona amatanthauza zinayi. Dzinali likunena za maiwe anayi aakulu amene Zambezi anawasiya pamene ankasuntha njira yake pang'onopang'ono kulowera kumpoto. Lalikulu mwa maiwewa, lotchedwa Long Pool, ndi lotalika makilomita pafupifupi 6, ndipo siliphwa ngakhale m'chilimwe chowawitsa.

Njira yodutsa m'mafamu

Wochokera ku Harare amatsata msewu waukulu wopita ku Chirundu, pa malire a Zimbabwe ndi Zambia. Msewuwu umadutsa Banket, Chinhoyi, Lion's Den ndi Karoi, m'dera limene kwa zaka zambiri linali la mafamu akuluakulu a fodya, chimanga ndi tirigu. Wolankhula Chichewa sakhala mlendo kwenikweni kumeneku. M'nthawi ya atsamunda amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete anabwera kudzagwira ntchito m'mafamuwa, ndipo ambiri sanabwerere kwawo. Zidzukulu zawo zikadalipo, ndipo m'makomboni ena Gule Wamkulu amavinidwabe. Pamene boma linayamba kulanda mafamu a azungu m'chaka cha 2000, mabanja ochuluka oterewa anataya ntchito ndi pokhala pomwe. M'zaka zomwezo alendo odzaona malo anachepa kwambiri m'dziko lonse la Zimbabwe.

Kupitirira Karoi minda imayamba kuchepa. Akadutsa Makuti, woyenda amaima pa ofesi ya Marongora kuti atenge chilolezo cholowera m'paki, kenako msewu umatsika phiri mokhotakhota kulowa m'chigwa, mmene mpweya umasintha nthawi yomweyo n'kukhala wotentha. Pansi pa phirilo pali mphambano. Kuchokera pamenepo kukafika ku Nyamepi, likulu la pakiyi m'mphepete mwa mtsinje, ndi makilomita opitirira 70 a msewu wafumbi, wokhala ndi mabampu osatha. M'katimo mulibe sitolo ngakhale malo omwetsera mafuta. Woiwala mchere amadya ndiwo zopanda mchere mpaka tsiku lobwerera.

Mtengo umene umadyetsa chigwa

Chimene chimasiyanitsa Mana Pools ndi nkhalango zina ndi mtengo umene mlimi wa ku Salima kapena ku Nkhotakota amaudziwa bwino: nsangu. Mlimi amausiya m'munda chifukwa umayoyola masamba m'nyengo ya dzinja, choncho suphimba chimanga koma umawonjezera chonde m'nthaka. M'chilimwe, mitengo ina itauma gwa, nsangu ndi pamene umabiriwira ndi kubala zipatso zake zopiringizika. Khalidwe lomweli ndilo limasunga nyama za m'chigwa cha Zambezi. Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula yoyamba, madzi akaphwa m'tchire la mopane chakumwera, nyama zimatsikira kumtsinje kumene zimapeza madzi, mthunzi ndi zipatso za nsangu zitagwa mbwee pansi.

Njovu ndizo zimatsogolera. Zimatsamira chipumi pa thunthu n'kugwedeza mtengo wonse, zipatso n'kumagwa, ndipo nswala ndi anyani amatsatira pambuyo kudzatola zotsala. Njovu zamphongo zingapo zinaphunzira kuimirira ndi miyendo yakumbuyo kuti chitamba chifikire nthambi zam'mwamba. Yodziwika kwambiri mwa izo alendo ndi owalondolera anaipatsa dzina lakuti Boswell. Pansi pa mitengoyi palibe zitsamba zowirira, kotero maso amaona patali: njati, ntchefu, mbidzi, ngoma ndi njiri zili poyera, ndipo mikango, afisi ndi akambuku sakhala kutali nazo. Mimbulu ya kuno inatchuka padziko lonse mu 2018 itaonetsedwa pa kanema wa BBC wotchedwa Dynasties. Mumtsinje muli mvuu ndi ng'ona zochuluka. Nyamalikiti ndi nyumbu m'pakiyi mulibe.

Kuonera patali kumeneku ndiko kunachititsa kuti Mana Pools adziwike ngati malo oyendamo wapansi. M'mapaki ambiri a mu Africa mlendo saloledwa kutuluka m'galimoto. Kuno anthu amayenda pansi, ena amapalasa mabwato ang'onoang'ono kwa masiku angapo kuchokera ku Chirundu, akugona pa zilumba zamchenga. Ufulu umenewu uli ndi mtengo wake, pakuti njovu yokhala ndi mwana, njati yokalamba yoyenda yokha ndiponso mvuu yodzidzimutsidwa zinavulazapo ndi kuphapo anthu. Wanzeru amalemba ganyu mlonda wa paki kapena wolondolera wovomerezeka. Kulowa ndi zipatso monga malalanje n'koletsedwa, chifukwa njovu ikamva fungo lake imatha kung'amba tenti.

Nyengo yabwino yopitira ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ngakhale kuti mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mvula ikagwa misewu imasanduka matope ndipo misasa yambiri ya alendo imatsekedwa. Malungo aliko, kashembe nayenso aliko. Ndipo ndi m'chigwa chomwechi, pa malo ofufuzira a Rukomechi, pamene akatswiri anakonza njira yokopera kashembe ndi fungo kuti akatere pa nsalu zopakidwa mankhwala.

Zimene zinatayika ndi zimene zili pachiswe

Pamene UNESCO inkalemba malowa mu 1984, derali linali ndi zipembere zakuda pafupifupi 500. Pasanathe zaka khumi, opha nyama mozemba ofuna nyanga anali atazitha pafupifupi zonse, ngakhale kuti boma linatumiza alonda a mfuti pa ntchito yotchedwa Operation Stronghold. Zochepa zotsala anazisamutsira kumalo ena otetezeka.

Chiopsezo china n'chakachetechete. Damu la Kariba, limene linamalizidwa mu 1959, lili kumtunda kwa pakiyi, ndipo chiyambire nthawi imeneyo Zambezi sasefukiranso monga kale. Madzi osefukira ndiwo ankabweretsa nthaka yatsopano mmene njere za nsangu zinkamera. Lero mitengo yambiri ya m'chigwachi ndi yokalamba, ndipo timitengo tikangophuka timadyedwa ndi nswala ndi njovu tisanafike m'chiuno. Nsangu zing'onozing'ono zimapezeka makamaka pa zilumba. Panalinso ganizo lomanga damu lina ku Mupata Gorge, kumunsi kwa pakiyi, limene likanamiza chigwa chonsechi, koma silinachitike.

Mu 2013 Mana Pools analembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika wa pangano la Ramsar. Mu 2023 maboma a Zimbabwe ndi Zambia anasainirana mgwirizano woyang'anira limodzi mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndipo m'chaka chomwecho nthambi ya boma yoona za mapaki, ZimParks, inagwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti aziyendetsa derali pamodzi kwa zaka 20. Njovu zokha sizinadikire mapanganowa: zakhala zikusambira kuoloka Zambezi kupita ku Zambia ndi kubwerako kuyambira kalekale.