Kodi Mvula ya Agogo Inapita Kuti?

Acinyamata anzanga, tsiku lina mukamaotha moto ndi agogo, afunseni kuti kale mvula inali kuyamba liti. Ambiri a kuno kum'mawa kwa Zambia adzakuuzani kuti pofika tsiku la ufulu, pa 24 Okutobala, cizimalupsa cinali citagwa kapena cili pafupi. Mu Novembala anthu anali kubzala, ndipo mu Febuluwale ana anali kuocha cimanga caciwisi. Ndico cifukwa cake Angoni a Mpezeni amacita mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa mwezi umenewu, polawa zoyamba kuca za m'munda.

Musaganize kuti makolo sanaonepo cilala. Okalamba a ku Malawi amakumbukirabe njala ya 1949. Koma cilala cinali mlendo wobwera kamodzikamodzi, ndipo makolo anali okonzeka. M'munda umodzi munali mapira, mawere, nyemba, maungu ndi mbatata. Cina cikafa, cina cinali kupulumuka.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linalimbikitsa cimanga ca haibulidi ndi feteleza wotsika mtengo. Nkhokwe zinadzaza, koma mapira ndi mawere zinayamba kuiwalika. Tsono cimanga cimafuna madzi ambiri pamene cikumasula ngayaye. Dzuwa likaomba milungu itatu panthawi imeneyo, mlimi amangokolola mapesi.

Izi ndizo zinacitika m'nyengo ya 1991/92. Cimanga cinauma cili ciimire, ndipo dziko linaitanitsa cimanga cacikasu kucokera kunja. Makolo anu angakuuzeni za nsima yacikasu ija, ndi m'mene anthu analimira miseu kuti alandire cakudya. Njala inabweranso mu 2002. Cilala cina cinagwa mu 2019, makamaka kummwera. Mu 2024 mvula inadula pakati pa dzinja, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Mwa mahekitala oposa 2 miliyoni a cimanga, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, magetsi nasowa.

Nanga gwero lake nciyani? Zaka zina madzi a m'nyanja yaikulu ya Pacific amafunda kwambiri, ndipo zikatero mvula imacepa kuno kummwera kwa Africa. Akatswiri amati imeneyi ndi El Niño, ndipo inalipo mu 1992 ndi mu 2024. Kuonjezera apo, utsi wa mafakitale ndi magalimoto pa dziko lonse watenthetsa mlengalenga, motero nthaka imauma msanga. Ifenso tili ndi mbali yathu. Tadula mitengo poocha makala, ndipo mvula ikagwa pa nthaka yopanda mitengo, madzi amangothamanga kukokolola minda, osalowa pansi. Madambo ndi zitsime ziuma dzuwa lisanafike pa cimake.

Tsono inu mucitepo ciyani? Gulu lanu ligule kabuku. Lembanimo zimene agogo akumbukira, ndipo caka ndi caka lembani tsiku limene mvula yayamba ndi limene yaleka. Afunseninso ngati mbeu ya mapira ikalipo m'mudzi, muisunge. Bzalani misangu m'minda, ndipo phunzirani kulima m'maenje osunga cinyezi. Paja mau a akulu akoma akagonera. Afunseni lero, akali moyo.