Terminator 2: mphindi 16 zimene zinasintha nkhani

Amene anakulira pa Songani, pamsewu wa Zomba kupita ku Liwonde, m'zaka za m'ma 1990, mafilimu ankawaonera m'tinyumba ta vidiyo, atakhala pamabenchi, tepi ikuzungulira mu deki. Kanema wa dziko lino, TVM, anadzayamba mu 1999. M'tinyumba ngati timeneti ndi momwe Arnold Schwarzenegger anatchukira, ndipo poti dzina lake limapinda lilime, ambiri ankangoti Komando, potengera filimu yake ya 1985.

Pa mafilimu ake onse, Terminator 2 ili ndi mbiri yapadera. James Cameron anaitulutsa mu 1991 ngati yotsatira ya The Terminator ya 1984, ndipo inali ya mphindi 137. Amalawi tinazolowera kuti filimu imafupika, chifukwa lamulo la 1968 linapatsa Censorship Board mphamvu yodula zigawo zomwe sinagwirizane nazo. Koma iyi inatalika. Mu 1993 Cameron anatulutsanso ina, yotchedwa Special Edition, atabwezeramo pafupifupi mphindi 16 zomwe anazichotsa poyamba.

Zina mwa zobwezeredwazo ndi zokometsera chabe. Sarah Connor akulota Kyle Reese, bambo wa mwana wake, ali m'chipatala cha odwala misala. Loboti yomwe amasewera Schwarzenegger ikuphunzira kumwetulira. Kufakitale ya zitsulo, mdani wawo, loboti ina yotchedwa T-1000, akuyamba kusokonekera, dzanja lake n'kumamatira pachitsulo chomwe wagwira.

Koma chigawo chimodzi chimasintha mutu wa filimu yonse. Mu ya 1991, mnyamata John Connor, mwana wa Sarah, atafunsa ngati loboti ingaphunzire, imayankha kuti imaphunzira yokha ikamakhala ndi anthu, basi nkhani n'kupitirira. Mu ya 1993, loboti imaulula kuti Skynet, kompyuta yomwe inaipanga, inaitsekera nzeru kuti isamaganize payokha. John ndi mayi ake akuitsegula mutu m'galaja, n'kutulutsa kachipangizo ka nzeruko. Sarah, amene loboti yofanana ndi imeneyi inafuna kumupha, akunyamula nyundo kuti akaphwanye. John akuphimba kachipangizoko ndi dzanja, n'kuwauza mayi ake kuti ngati adzakhaledi mtsogoleri, ayambe iwowo kumumvera. Nyundo ikugwera pambali.

Kujambula kwake kunali kwa luso. Chooneka ngati kalilole chinali chibowo pakhoma: mbali ina kunali Schwarzenegger weniweni, mbali inayo mutu wochita kupanga, ndipo Linda Hamilton, yemwe amasewera Sarah, ankatsanziridwa ndi Leslie, amene anabadwa naye mapasa. Ntchito yonseyo inakhala zaka 2 osaonedwa.

Popanda chigawochi, John amangolamula loboti, ndipo utsogoleri wake pa anthu timangoumva m'mawu. Chikakhalapo, timamuona akulamula mayi ake koyamba, ndipo lamulolo ndi loleka kupha. Lobotinso siphunzira umunthu mwangozi, koma chifukwa mwana anaikhulupirira pomwe wamkulu ankaiopa. Ikamadzatsazika pomaliza, itamvetsa chifukwa chomwe anthu amalirira, woonera amadziwa amene anaitsegulira khomo limenelo.

DVD ya 2000 inabweretsanso mapeto ena: Sarah wakalamba, nkhondo ya anthu ndi maloboti sinachitike, John ndi mkulu wa ndale. Cameron anachita bwino kuwasiya pambali, chifukwa amachotsa mantha onse omwe filimuyi imakhalira.

Lero matepi anatha. Mafilimu amayenda pa memore kadi ndi pafoni, ambiri atamasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata omwe amathiramo nthabwala zawo. Wopita kukalowetsa Terminator 2 amapatsidwa yomwe ilipo, osadziwa kuti ndi iti. Ngati mukufuna kuionetsa ana anu, yang'anani kutalika kwake. Ikapitirira mphindi 150, imeneyo ndi yoyenera, chifukwa ndi yomwe imaonetsa mwana akuletsa kholo lake kuchita choipa, kholo n'kumvera.