Kuchokera pa nkhafi kufika pa 40: mbiri ya injini ya boti lathu

Anzanga a kunyanja, ya lero ndi yaitali pang'ono, muwerenge mukatsika m'madzi. Kwathu ku Msaka tili pa mkangano ine ndi achimwene. Iwo akufuna tigulitse Yamaha 15 imene madala anatisiyira, tiwonjezere ngongole, tigule 40. Chikole chake ndi nyumba imene amayi akugonamo. Ndisanayankhe, ndinafuna ndione kaye komwe injiniyi inachokera, ndi chimene yakhala ikutichitira.

Agogo athu injini sankaidziwa. Bwato linali thunthu la mtengo umodzi, losemedwa ndi nkhwangwa ndi kasemasema, ndipo mphamvu yake inali nkhafi ndi msana wa munthu. Makina oyamba kuyenda pa nyanja yathu sanali a asodzi. Anali sitima ya nthunzi ya amishoni, Ilala yoyamba, imene inafika ku Cape Maclear mu 1875. Ilala imene timakwera leroyi inayamba ntchito mu 1951. Zaka zonsezo msodzi wamba ankangoziona zikudutsa, iye akupalasa. Sankadandaula kwenikweni, chifukwa chambo chinali pafupi. Madala ankati khoka ankaponya anthu a pagombe akumvana nawo mawu.

Injini yomangirira kumbuyo kwa boti inabadwira kutali. Ole Evinrude, wobadwira ku Norway koma wokhala ku Milwaukee ku America, ndiye anayamba kuigulitsa mochuluka cha mu 1909. A Yamaha ku Japan anatulutsa yawo yoyamba mu 1960, ndipo pambuyo pake anapanga mtundu wa Enduro, wolingalira asodzi a m'mayiko ngati athu ano: yosavuta kumasula, yopirira ntchito ya tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake makaniko wa pansi pa mtengo amatha kuiphwasula m'mawa, madzulo ili m'madzi.

Kuno kwathu usodzi wa makina unayamba ndi akuluakulu a ndalama. Agiriki a banja la Yiannakis anakhazikika kum'mwera kwa nyanja m'zaka za m'ma 1930, ndipo bizinesi yawo ndi imene inadzakhala Maldeco mu 1968. Kwa ife anthu wamba zinthu zinasintha pamene zitatu zinakumana: chilimira, umene unafalikira kuchokera ku Likoma, boti la matabwa ngati amene ankakhomedwa ku Mpwepwe, ndi injini yaing'ono. Mitengo ikuluikulu yosema mabwato inali ikutha, pomwe boti la matabwa linali ndi thabwa lakumbuyo lomangirirapo injini. Boti linayamba kukoka mabwato awiri kupita nawo pakati, siginala n'kuyatsa nyali zake, usipa n'kusonkhana.

Madala anagula injini yawo yoyamba atagwira ntchito ya ulovi zaka zambiri. Inali yakale, yamahatchi 8, yofuna kukoka chingwe kakhumi isanalire. Tsiku limene anafika nayo, amayi akuti mudzi wonse unatsikira kugombe. Koma mvetsani ichi: sanaigule chifukwa nsomba zinachuluka. Anaigula chifukwa pamene ankafika ndi nkhafi panayamba kuuma. Atagula 15, chifukwa chake chinali chomwecho. Ya 8 inkafika mochedwa kumene usipa unathawira, ndipo mwera ukauka inkalephera kubwerera nawo.

Zaka zomwezo nyanja ya Malombe inatiphunzitsa zowawa. Chambo cha kumeneko chinagwa koyambirira kwa zaka za m'ma 1990, maukonde a maso ang'onoang'ono atasesa mpaka ana a nsomba. Kumeneko ndiko makomiti a m'magombe, ma BVC, anayambira mu 1993, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linapatsa anthu a m'midzi gawo posamala nsomba. Pomwe ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo mpaka lero asodzi amathamangira komweko akatsegula. Kumeneko nsomba zasungidwa ndi lamulo la mfumu, si kukula kwa injini.

Tsopano tibwere pa masamu, aise. Injini ya 15 yosakaniza petulo ndi oyilo, mukaitsegula yonse, imamwa pafupifupi malita 7 pa ola. Ya 40 imamwa pafupifupi malita 20. Oyilo naye amatsatira: thanki ya malita 25 imafuna theka la lita. Ndipo boti lathu lamatabwa, lodzaza ukonde wonyowa ndi anthu khumi, silingathamange katatu chifukwa mafuta akupsa katatu. Boti lolemera limakankha madzi, silitsetsereka pamwamba ngati tima boti ta alendo a ku Chembe. Likafika pa liwiro lake, mphamvu yotsalayo imangokumba dzenje kumbuyo.

Palinso kulemera. Ya 40 imalemera pafupifupi kawiri kuposa ya 15. Thabwa lakumbuyo la boti lathu lili ndi zaka zambiri, misomali ina inadyeka kale. Kuikapo 40 osalisintha ndi kuitana madzi. Komanso mwendo wa injini uyenera kulingana ndi kutalika kwa thabwalo. Ukafupika, pulopela imamwa mpweya pa mafunde. Ukatalika, imakoka madzi pachabe n'kumakhula mchenga pofika.

Nanga mafutawo amalipira ndani? Tonse tikudziwa. Tikagulitsa nsomba, timayamba tachotsa za mafuta ndi mabatire a nyali, zotsala ndiye timagawana mwini zida ndi alovi. Usiku wopanda nsomba ngongole ya mafuta imadikira mawa. Mukukumbuka 2011 ndi 2012, maboti atangokhala pa mchenga, petulo akugulidwa m'zigubu pa mtengo wamisala. Mukukumbukanso November 2023, kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse. Injini, pulagi, pulopela, oyilo, zonse zimachokera kunja. Usipa wokha ndiwo timagulitsa m'makwacha.

Sindikunena kuti achimwene akulakwa zonse, ayi. Iwo ndi amene anali m'boti usiku umene mwera unawapeza pakati, 15 ikulira koma boti osasuntha, anyamata akukapa madzi mpaka mbandakucha. Munthu amene anaona zimenezo akamati akufuna mphamvu, sumuseka. Nsomba zofika msanga padooko zimapezanso ogula asanabalalike.

Ndiye tagwirizana chonchi. Choyamba tisintha thabwa lakumbuyo. Chachiwiri, kwa miyezi itatu tizilemba m'kope usiku uliwonse: malita angati, maola angati, ndowa zingati, mlovi aliyense watenga zingati. Masamuwo akalola, tiyang'ana 25 kapena 40, koma ndi ndalama zathu. Nyumba ya amayi siilowa m'madzi.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti agogo ankapha chambo ndi nkhafi, madala anafuna 8 kenako 15, ife tikukamba za 40. Mwana wanga ali Sitandade 3, ndipo wayamba kale kufunsa kuti injini yaikulu kuposa zonse ndi iti.

Amene muli ndi 40 ku Malembo, Senga Bay kapena Nkhotakota, tandiuzeni zoona zake: alovi anu akutenga zambiri kuposa kale, kapena mukungofika msanga? Tumizirani ena a m'gulu lanu, ayankhe nawo.